Shire Anasiyapo Kuyenda: Tisataye Mabuku Akale a Madzi

Anzanga, kodi mukudziwa kuti mtsinje wa Shire unasiyapo kutuluka m'nyanja ya Malawi kwa zaka pafupifupi 20? Kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 madzi a m'nyanja anatsika kwambiri, mchenga n'kutseka potulukira paja ku Mangochi. Izi tikuzidziwa chifukwa msinkhu wa madzi a m'nyanjayi unayamba kulembedwa mu 1896.

Amayeza bwanji? M'mphepete mwa nyanja kapena mtsinje amazikamo chitsulo chokhala ndi manambala ngati rula. Tsiku lililonse munthu amawerenga pamene madzi afika n'kulemba m'buku. Akatswiri akayezanso liwiro la madzi ndi kukula kwa mtsinjewo, amadziwa kuchuluka kwa madzi odutsa pa sekondi imodzi.

Vuto n'lakuti pepala silikhalitsa. Chiswe chimadya, chinyontho chimafufuta inki. N'chifukwa chake akatswiri amasaka mabuku akalewa, kujambula tsamba lililonse, n'kulowetsa manambalawo mu kompyuta. Pamene pali mpata, amagwiritsa ntchito zolembedwa za mvula kapena za mtsinje woyandikana nawo. Amafunsanso agogo athu kuti aloze pamene madzi anafika chaka cha chigumula.

Mwina wina akuti, "Nanga ife zikutikhudza pati?" Magetsi ambiri a dziko lino amachokera mu Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Damu la Kamuzu Barrage ku Liwonde linamangidwa mu 1965, ndipo Nkula inayamba kupanga magetsi mu 1966. Munthu wongoona manambala a kuchokera nthawi imeneyo angaganize kuti Shire sangasiye kuyenda, chonsecho zinachitikapo. Madzi atachepa mu 2016 ndi 2017, magetsi ankazimazima osati masewera. Mu 2024 nyanja inadzaza mpaka kulowa m'nyumba za m'mphepete mwake. Womanga mlatho kapena damu ayenera kudziwa zonse ziwiri, kuphwa ndi kusefukira, ndipo zaka zochepa sizingamuuze zoona zonse.

Ine ndikuona kuti pamenepa pakukwanira mwambi uja wakuti mawu a akulu akoma akagonera. Ndiye pempho langa nali: ife a kalabu ya jogalafe tizike ndodo yathu pamtsinje wapafupi, tiziwerenga tsiku lililonse, buku lake tizilisunga pouma. Tikamadzachoka pasukulu pano, tidzawasiyire a Fomu 1 apitirize.