Mpando wa amayi wautsa mkangano ku Fingoé

Pa 7 Epulo, tsiku la amayi ku Mozambique, ku Fingoé, likulu la boma la Maravia, kunali nyimbo ndi zitenje zofanana monga mwa nthawi zonse. Koma kuseri kwa msika anthu ankatsutsana za lamulo loti m'makhonsolo olangiza boma, pa anthu 100 alionse, osachepera 30 azikhala amayi.

Mwini nkhani ndi mayi wina wamasiye wa ku Malowera, yemwe anapeza mpando m'khonsolo chifukwa cha lamuloli. Amalima chimanga ndi mtedza, sukulu analekezera m'kalasi lachinayi. Tsiku la msonkhano amadzuka tambala woyamba, n'kumanga chikwatu cha mbatata pa njinga, nsapato zili m'thumba kuti zisathe ndi fumbi. Amazivala akafika pakhomo la ofesi. Chaka choyamba sanayankhuleko, poti zonse zinkachitika m'Chipwitikizi. Tsiku lina anangoimirira n'kufunsa m'Chichewa chifukwa chake mjigo umakumbidwa pafupi ndi nyumba za akuluakulu, pomwe otunga madzi ndi ena. Womasulira anachita kaye chibwibwi.

Mpandowo kale unali wa bambo wina, mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo mpaka lero chikumuwawa. Iye amati ndime 35 ya malamulo aakulu a 2004 imanena kuti nzika zonse n'zofanana pamaso pa lamulo, ndiye munthu angachotsedwe bwanji chifukwa chobadwa mwamuna? Saona cholakwa mwa mayiwo. Chomwe amakana n'kuwerenga mitu. Amatchulanso za ku Malawi, komwe kota yosankhira ophunzira ku yunivesite potengera maboma inathetsedwa mu 2020 anthu atadandaula kwa zaka zambiri.

Omutsutsa amamuuza kuti awerengenso ndime 36, yonena za kufanana kwa amuna ndi akazi m'ndale ndi m'chuma. Amakumbutsa kuti kuyambira 2006, pomwe maboma anayamba kulandira mametikali 7 miliyoni, makhonsolo omwewa ndiwo ankakambirana za oyenera kubwereka ndalamazo. Nanga mayi wosowa womuyankhulira akanaidziwa bwanji ndalamayo? Kunena zoona, bamboyo pamenepa amayankha mozungulira.

Dzuwa litapendeka onse anabalalika. Mayi uja anavula nsapato, kuzibwezera m'thumba, n'kukapopetsa njinga pa mnyamata wokonza matayala, yemwe anakana kumutsitsira mtengo.