Nthochi imodzi ya chithunzi, mavuto a chaka chonse

Mwafika ku Cape Maclear ndi anzanu, mwakhala pamthunzi, mwatulutsa kamba wa paulendo. Posakhalitsa pusi watsika mumtengo, wakhala poteropo n'kumakuyang'anani ngati mwana wamasiye. Wina akuti, "Mponyereni nthochi, ndijambule!" Pusi watola, foni yagwira ntchito, madzulo chithunzi chili pa status. Palibe amene walakwa, eti?

Funsani amayi a m'mudzi wa Chembe kapena aliyense wolima chimanga m'mphepete mwa phiri. Pusi kapena nyani amene walandira chakudya m'manja mwa munthu amaphunzira msanga kuti munthu ndi nkhokwe. Mantha amatha. Lero wapempha, mawa alanda. Inu mwakwera minibasi kubwerera ku Lilongwe, koma nyaniyo watsala ndi ana onyamula zitumbuwa ndi amayi oyanika ufa pamphasa.

Ku Cape Town, dziko la South Africa, nkhaniyi anaiona ndi maso. Kunali nyani wina wotchuka dzina lake Fred, amene ankatsegula yekha zitseko za magalimoto a alendo n'kutenga zakudya. Alendo ankasangalala naye, kumujambula ndi kumuponyera zakudya. Atayamba kuvulaza anthu, akuluakulu oona za nyama anamupha mu 2011. Kumeneko kudyetsa anyani ndi mlandu. Paja akuluakulu amati chifundo chidapha nkhwali, koma apa chifundo chathu chimapha amene tikumuchitira chifundoyo.

Palinso matenda. Katswiri wa ku America, Robert Sapolsky, anakhala zaka zambiri akufufuza moyo wa anyani ku Kenya. M'zaka za m'ma 1980, anyani ena a m'gulu limene ankalitsatira anazolowera kukadya kudzala la malo ogona alendo. Kumeneko anadya nyama yokhala ndi chifuwa chachikulu cha ng'ombe, ndipo amphongo ambiri anafa. Dzala losasamalidwa ndi kudyetsa nyama komwe, kungoti mosadziwa.

Matenda amayendanso kuchokera kwa nyama kubwera kwa ife. Pusi akakulumani kapena kukukandani, musati "ndi kabala kakang'ono". Tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala akaone ngati mukufunika katemera wa chiwewe. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro, kuchira n'kosowa.

Nanga nkhwazi zija? Ambiri amene anakwerapo boti kupita ku chilumba cha Thumbi anaona anyamata akuimba likhweru n'kuponya nsomba m'madzi, nkhwazi n'kutsika ngati mphezi. Ena amanyenyera buledi nsomba za mbuna kuti zisonkhane. Apa nkhani ndi yovutirapo, chifukwa anyamatawo ndi mmene amapezera ya sopo ndi fizi, ndipo nkhwazi ikudya nsomba, chakudya chake chenicheni. Koma buledi si chakudya cha mbuna. Zambiri mwa izo zimadya ndere za pamiyala. Malo amenewa ndi Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba zomwezi. Mukhoza kuuza wa boti mwaulemu kuti, "Achimwene, buledi musiyeni, tingosambira n'kuziona." Ndalama yake alandirabe.

Ena amafika pogula kamwana ka pusi pamsewu, ati kukapulumutsa. Kawirikawiri mayi wake amakhala ataphedwa, ndipo mukagula mwauza wogulitsayo kuti akagwire kena. Kakakula kamayamba kuluma, n'kuthera pa tcheni kuseri kwa nyumba. Ku Lilongwe Wildlife Centre kumafika apusi ndi anyani otere, ndipo kuwaphunzitsanso moyo wa kutchire kumatenga nthawi yaitali. Mukaona nyama yovulala kapena yogulitsidwa, dziwitsani a nthambi yoona za nyama zakutchire.

Kukonda nyama sikoletsedwa. Ikani kambale ka madzi pakhomo mbalame zizimwa m'chilimwe, bzalani mtengo wa zipatso, vundikirani bini, zinyalala za paulendo mubwerere nazo. Ndipo pusi uja akadzakhalanso poteropo n'kumakuyang'anani, foni yanu ili ndi zoom. Jambulani muli patali, nthochiyo mudye nokha.