Mayeso a Chingerezi Amene Mayunivesite Akunja Amafuna

Wophunzira amene akufuna malo pa yunivesite ya ku Britain, Australia kapena Canada amauzidwa kuti apereke umboni wakuti Chingerezi chake n'chokwanira kutsatira maphunziro, ndipo umboni umene mayunivesite ambiri amaulandira ndi zotsatira za mayeso a IELTS, amene anayamba mu 1989 ndipo amayendetsedwa ndi British Council, bungwe la IDP la ku Australia ndi nthambi ya mayeso ya Cambridge. Ku America kunazolowereka mayeso a TOEFL, amene analembedwa koyamba mu 1964, ngakhale kuti masiku ano mayunivesite ochuluka amalandira onse awiri.

Mayeso a IELTS ali ndi zigawo zinayi, kumvetsera, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula, ndipo chigawo chilichonse chimapatsidwa malikisi ofika pa 9. Maphunziro ambiri a digiri yoyamba amafuna 6.0 kapena 6.5, pamene a digiri yachiwiri kawirikawiri amafuna 6.5 kapena 7.0. Chimene chimagwetsa anthu ambiri n'chakuti yunivesite imaikanso malire pa chigawo chilichonse, kotero kuti munthu wolankhula bwino kwambiri atha kukanidwa malo chifukwa pa kulemba wapeza 5.5. Pa chigawo cha kulemba, wophunzira amapatsidwa ola limodzi lokha kuti afotokoze tchati kapena chithunzi cha manambala m'mawu osachepera 150, kenako alembe chimangirizo cha mawu osachepera 250. Pa kumvetsera, mawu amaseweredwa kamodzi kokha, ndipo olankhulawo atha kukhala a ku London, Sydney kapena Toronto, aliyense ndi katchulidwe kake, kamene khutu lozolowera Chingerezi cha mphunzitsi wa ku sekondale silikagwira msanga. Zotsatira zimagwira ntchito zaka ziwiri basi, ndipo wobwereza mayeso amalipiranso.

Kwa Amalawi ndi a ku Zambia nkhaniyi imapweteka pang'ono, poti iwo amaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale, koma mndandanda wa boma la Britain wa mayiko amene nzika zake sizifunsidwa umboni wa chilankhulo popempha viza uli ndi Jamaica, Barbados ndi Malta, wopanda dziko ngakhale limodzi la mu Africa. Chifukwa chimene chimaperekedwa n'chakuti mndandandawo umayang'ana chilankhulo chimene anthu ambiri amalankhula pakhomo, osati cha m'kalasi, mfundo imene ndi yovuta kuilandira kwa munthu amene analemba mayeso ake onse m'Chingerezi. Komabe pa maphunziro a digiri, malamulo a viza amalola yunivesite kudziyesera yokha Chingerezi cha wophunzira, n'chifukwa chake ena mwa mayunivesite amavomera kalata yotsimikiza kuti digiri yoyamba inaphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo wanzeru amayamba wafunsa ofesi yolembera ophunzira asanalipire ndalama za mayeso.