Galimoto ikamazima poima, vuto silikhala pa sikuluu

Wamalonda wa pa Nsanama amene ali ndi Probox kapena Sienta yonyamulira mpunga, nandolo kapena nsomba amalidziwa vuto ili. Galimoto yayenda bwinobwino kuchokera ku Ntaja, koma ikangoima kuti atsitse thumba, injini imanjenjemera kenako n'kuzima. Ina imachita zosiyana: dalaivala wachotsa phazi pamoto, galimoto yaima, koma injini ikungolira mokweza ngati ikukwera phiri. Zonse ziwirizi ndi matenda a idling, kutanthauza kalilidwe ka injini pamene galimoto yaima ndipo palibe amene akuponda moto.

Chimene ambiri amapempha akafika kwa makaniko ndi chakuti awakwezere kapena awatsitsire idling. Pempholi linachokera ku magalimoto akale a kabureta. Pa kabureta pamakhala sikuluu imene munthu amaipotoza ndi sikuludiraiva, injini n'kukwera kapena kutsika pomwepo. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amene adzaza pamsewu wa Liwonde ndi Ntaja masiku ano alibe kabureta. Mafuta amalowa mu injini kudzera m'ma injector, ndipo chimene chimalamula idling ndi kompyuta ya galimoto.

Kompyutayo imamva kuchokera ku ma sensor kuti injini yatentha bwanji, mpweya ukulowa wochuluka bwanji, komanso ngati AC kapena magetsi ayatsidwa. Ikatero imatsegula kapena kutseka njira ya mpweya kuti injini izilira pa mlingo umene fakitale inaika. Pa magalimoto okhala ndi waya wochokera pa chopondera moto, ntchitoyi imagwiridwa ndi kavalavu kotchedwa idle control valve. Pa atsopanoko mulibe wayayo, ndipo kamota ndi kamene kamasuntha chitseko cha mpweya mu throttle body. Injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5, imene ili mu Probox ndi Sienta zambiri, imapezeka m'mitundu yonse iwiri malinga ndi chaka chake.

Injini ya petulo yaing'ono ikatentha bwino, muvi wa rev umakhala pakati pa 600 ndi 800. M'mawa ikangolizidwa imayamba pamwamba, mwina 1,200 kapena kupitirirapo, kenako n'kumatsika yokha pakapita mphindi zingapo. Limeneli si vuto, ndipo amene walipira makaniko kuti athetse kulira kwa m'mawaku wataya ndalama.

Pa throttle body zina pali kasikuluu kamene kamafanana ndi ka kabureta, nthawi zambiri kali ndi kadontho ka penti. Ntchito yake ndi kuletsa chitseko cha mpweya kuti chisakanirire chikatsekeka, ndipo kanaikidwa kale kufakitale. Makaniko wothamangira ndalama amakapotoza, kapena amakoka waya wa moto kuti ukhale wothina, injini n'kusiya kuzima. Mwini galimoto amachoka akumwetulira. Koma tsopano chitseko sichikutsekeka pamene kompyuta ikuyembekezera, choncho idling imayamba kukwera ndi kutsika yokha, galimoto ya otomatiki imagwedezeka polowetsa giya, ndipo matenda enieni aja akadali momwemo.

Nanga matenda enieniwo ndi ati? Kudera ngati Machinga ndi Balaka, woyamba kumukayikira ndi fumbi. Galimoto yokagula mbewu m'midzi imayenda kwambiri m'misewu yadothi, ndipo m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala eyakilina imadzaza msanga. Fumbi limene ladutsa limasakanikirana ndi nthunzi ya oyilo n'kupanga mwaye wakuda m'mphepete mwa chitseko cha mpweya ndi mu kavalavu kaja. Pa idling kampata kolowera mpweya ndi kakang'ono kwambiri, moti mwaye wochepa ndi wokwanira kuitsamwitsa injini. Mankhwala ake ndi otchipa: kumasula, kutsuka ndi sipule yotsukira throttle body ndi kansalu koyera, ndi kuika eyakilina yatsopano. Throttle body ya kamota imafuna dzanja lofatsa, osati kukankha chitseko chake mwamphamvu kapena kuthira sipule m'malo a magetsi.

Idling ikakhala yokwera, kawirikawiri pali mpweya umene ukulowa mozemba. Timapaipi ta labala timauma ndi kutentha n'kung'aluka, ndipo paipi yaikulu yochokera ku eyakilina imathanso kung'ambika m'makwinya ake apansi, mosaonekera. Munthu akatsegula boneti injini ikulira amatha kumva kamluzu. Kapaipi kotere mtengo wake ndi wochepa.

Palinso chizolowezi china chofala m'magalaja ambiri, chochotsa thermostat galimoto ikangofika m'dziko muno, poganiza kuti inapangidwira mayiko ozizira. Thermostat ndi imene imathandiza injini kufika msanga pa kutentha kwake koyenera. Ikachotsedwa, madzi amazungulira mu ladiyeta nthawi zonse, injini imachedwa kutentha, ndipo kompyuta imapitiriza kuthira mafuta ambiri ndi kukweza idling ngati kuti kudakali m'mawa. Galimoto ikamatentha mopitirira muyeso, zoyenera kuona ndi ladiyeta, fani ndi pampu ya madzi. Sensor yoyeza kutentha kwa madzi ikafa imabweretsanso zizindikiro zomwezi.

Injini yonjenjemera ngati ikudumphitsa imaloza ku mapulagi, koyilo, kapena ma injector akuda. Apa mpomwe mafuta a m'zigubu amalowerapo. Mafuta akasowa pa filling station wamalonda sangaimike bizinesi, amagula amene wapeza, koma ena amakhala ndi madzi kapena zinyalala, ndipo zimaonekera msanga pa idling. Kusefa pothira ndi kusintha fyuluta ya mafuta pa nthawi yake kumachepetsa vutoli.

Chinthu chimodzi chimasokoneza ngakhale amakaniko. Batire ikachotsedwa, kapena throttle body ikangotsukidwa, idling imatha kusokonekera chifukwa kompyuta inazolowera chitseko chakuda chija. Magalimoto ambiri a Toyota amaphunziranso okha akasiyidwa akulira mpaka atenthe, AC ndi magetsi zili zozima, kenako n'kuyendetsedwa pang'ono. Ena, makamaka a Nissan, amafuna ndondomeko yapadera kapena makina a diagnosis. Amene akuona nyali ya check engine itayaka achita bwino kulipira makinawo kaye asanagule sipeya iliyonse, chifukwa kugula sensor mongoganizira kwadyera anthu ambiri mpamba. Ngati pafupi palibe makinawo, ulendo wopita ku Liwonde kapena ku Balaka ndi wotchipa kuposa sipeya ziwiri zolakwika.

Nkhaniyi imathera m'thumba. Injini ya malita 1.5 yabwinobwino imamwa mafuta opitirira pang'ono theka la lita pa ola ikamalira itaima. Dalaivala amene amasiya injini ikulira maola awiri pa tsiku podikira okwera kapena popakira matumba, kwa masiku 26 pa mwezi, watentha malita osachepera 26 galimoto isanasunthe. Aliyense angathe kuchulukitsa nambalayi ndi mtengo wa lita umene MERA yalengeza n'kuona kuti ndi matumba angati a phindu. Ngati idling inakwezedwa pobisa matenda, malitawo amachuluka. Ndipo ambiri amene safuna kuzimitsa injini pa siteji amatero chifukwa batire kapena sitata ndi yofooka, amaopa kukankha. Kukonza zimenezo kumabweza ndalama yake m'miyezi yochepa.

Wogula galimoto yogwiritsidwa kale ntchito angathenso kupindula ndi idling pokambirana mtengo. Apemphe kuiliza injini itazizira, aone ngati muvi ukutsika wokha, kenako ikatentha ayatse AC ndi magetsi n'kupotoza chiwongolero mpaka kumapeto. Injini yabwino imagwedera pang'ono n'kubwerera pamalo pake. Aonenso kasikuluu ka pa throttle body: penti ikakhala yosweka, wina anakagwirapo kale, ndipo wogulitsayo afotokoze chifukwa chake asanalandire ndalama.