Mmene Dziko Limadziwira Chiwerengero cha Madokotala Oyenera Kuphunzitsidwa

Unduna wa Zaumoyo, womwe likulu lake lili ku Capital Hill mumzinda wa Lilongwe, ukufotokozera anthu onse mfundo zimene zimatsatidwa pokonza chiwerengero cha madokotala amene dziko liyenera kuphunzitsa.

Mfundo yoyamba ndi nthawi. Wophunzira udokotala pa Kamuzu University of Health Sciences amatha chaka chimodzi pa maphunziro okonzekera ndi zaka zisanu pa maphunziro a udokotalawo. Akatero amagwira ntchito moyang'aniridwa kwa miyezi 18 m'chipatala chachikulu monga cha Kamuzu Central, asanalembedwe mokwanira m'kaundula wa bungwe la Medical Council of Malawi. Ukatswiri wa opaleshoni kapena wa matenda a ana umafuna zaka zina zinayi kapena kuposerapo. Motero katswiri amene adzafunike zaka khumi ndi ziwiri zikubwerazi ayenera kuyamba maphunziro ake tsopano.

Yachiwiri ndi kuchuluka kwa anthu. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi 989,000 mwa iwo anali mumzinda wa Lilongwe. Chiwerengerochi chinkakwera ndi anthu 2.9 pa 100 aliwonse pachaka, kutanthauza kuti chikhoza kuwirikiza kawiri m'zaka pafupifupi 24. Bungwe la World Health Organization limati pa anthu 1,000 aliwonse pakhale madokotala, anamwino ndi azamba osachepera 4.45 onse pamodzi. Pa chiwerengero cha mu 2018, amenewa ndi ogwira ntchito pafupifupi 78,000.

Yachitatu ndi kukula kwa ntchito. Kaundula amalemba mofanana dokotala wa pachipatala cholipitsa cha ku Area 10 ndi wa pachipatala cha Bwaila ku Old Town, kumene amayi ambirimbiri amachirira tsiku ndi tsiku. Choncho okonza mapulani amaunika kuchuluka kwa odwala pachipatala chilichonse, ndiponso ntchito imene makilinikolo ofisala ndi anamwino amagwira.

Yachinayi ndi amene amachoka: opuma pantchito, omwalira, olowa mabungwe omwe si aboma ndi opita kunja. Pofuna kusunga ogwira ntchito, ndondomeko yapadera ya mu 2004 mpaka 2010 idawonjezera malipiro a magulu 11 a ogwira ntchito zachipatala ndi 52 peresenti, komanso idakulitsa sukulu zophunzitsa ntchitozi.

Yomaliza ndi ndalama, pakuti walira mvula walira matope. Dokotala aliyense womaliza maphunziro amafuna malo ovomerezeka pantchito, malipiro ndi zipangizo. Kuphunzitsa ochuluka popanda malowo n'kuphunzitsira mayiko ena; kuphunzitsa ochepa n'kutalikitsa mizere ya odwala. N'chifukwa chake chiwerengerochi chimafuna mgwirizano wa Unduna wa Zaumoyo, Unduna wa Zachuma ndi sukulu zophunzitsa udokotala, ndipo chiyenera kuunikidwanso nthawi ndi nthawi.