Msonkho pa Ndudu Zamagetsi: Mkangano Wakunja ndi Tanthauzo Lake Kugombe la Salima

Ndudu zamagetsi, zimene achinyamata a m'tauni amangozitchula kuti vape, ndi tizipangizo tokhala ndi batire ndi kawaya kotentha, timene timatenthetsa madzi osakaniza ndi chikonga mpaka asanduke nthunzi yoti munthu aikokere m'mapapo. Chikonga, chomwe azaumoyo amachitcha nikotini, ndi mankhwala a m'tsamba la fodya amene amafika ku ubongo m'masekondi owerengeka, ndipo ndi amene amabweretsa chibaba chimene chimam'manga wosuta kuti asathe kuleka. Mtundu wa kachipangizo umene wafala masiku ano unapangidwa mu 2003 ndi Hon Lik, katswiri wa zamankhwala wa ku China amenenso anali wosuta kwambiri, ndipo m'zaka makumi awiri zotsatira malonda ake akula kufikira pamene nduna za zachuma m'mayiko ambiri zayamba kufunsa kuti katunduyu adulidwe msonkho wochuluka bwanji, pomwe omugwiritsa ntchito akuyankha kuti msonkho uliwonse wokwera ubwezera anthu ku fodya woyaka moto.

M'boma la Salima, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 470,000, kusuta kuli mitundu iwiri imene sikumana kawirikawiri. Ku Senga Bay, kumene anthu a ku Lilongwe amatsikira pa msewu wa M14 kumapeto kwa sabata ndi pa zikondwerero za nyimbo monga Sand Music Festival, nthunzi yonunkhira ngati mango kapena sitiroberi imabwera m'matumba a alendo. Pamchenga womwewo, ndiponso ku Chipoka ndi ku madooko ena ang'onoang'ono, alovi, amene ndi anyamata aganyu okoka makoka a chilimira, amachezera usiku wonse pamadzi kusaka usipa ndi nyali, ndipo amene amasuta pakati pawo amadalira ndudu yogula imodziimodzi pakawokala kapena chingambwe chopichira papepala, poti amati chimathamangitsa tulo ndi kuzizira kwa mwera. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 wokhudza matenda osapatsirana anapeza kuti akuluakulu 14 mwa 100 aliwonse m'Malawi ankasuta, ndipo mwa amuna chiwerengerocho chinali pafupifupi 26 pomwe mwa akazi chinali 3 chabe. Ambiri mwa osuta amenewa si anthu a m'mahotela.

Mkangano wonse wa msonkhowu wagona pa kusiyana kwa kuyatsa ndi kutenthetsa. Nsonga ya ndudu wamba imafika pafupifupi madigiri 900 munthu akamakoka, ndipo kuyaka kumeneko kumabala utsi wokhala ndi mankhwala oposa 7,000, mwa iwo pafupifupi 70 odziwika kuti amayambitsa khansa, kuphatikizapo phula limene limamata m'mapapo ndi mpweya wa carbon monoxide, womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Kawaya ka mu ndudu yamagetsi kawirikawiri sikapyola madigiri 300, ndipo chimene kamatenthetsa si tsamba koma madzi a propylene glycol ndi glycerin, omwe ntchito yawo ndi kunyamula chikonga ndi zonunkhiritsa. Popeza palibe choyaka, poizoni wambiri wa mu utsi sapezekamo kapena amapezeka wochepa kwambiri. N'chifukwa chake bungwe la Public Health England linalengeza mu 2015 kuti kuopsa kwa ndudu zamagetsi n'kocheperapo ndi pafupifupi 95 peresenti poyerekeza ndi ndudu wamba, chiwerengero chimene ogulitsa amachikonda kwambiri, ngakhale kuti akatswiri ena anachitsutsa chifukwa chinachokera pa kuyerekeza kwa gulu la akatswiri osati pa kuwerenga odwala. Umboni wolimba kuposa pamenepo ndi wa bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana, ndipo mu 2022 linapeza kuti osuta amene apatsidwa ndudu zamagetsi zokhala ndi chikonga amasiya fodya mochuluka kuposa amene apatsidwa zigamba zomata pakhungu kapena chingamu cha chikonga.

Kucheperapo kuopsa sikutanthauza kuti chinthucho n'chabwino m'thupi. Mawu akuti nthunzi amanamiza pang'ono, chifukwa chimene chimatuluka si nthunzi ya madzi ngati ya pa mphika, koma timadontho tosaoneka ndi maso timene timalowa mpaka pansi pa mapapo, ndipo mwapezeka formaldehyde, acrolein ndi tizidutswa ta zitsulo monga nickel ndi mtovu tochokera ku kawaya. Chikonga pachokha chimakweza kuthamanga kwa magazi, chimavulaza mwana wosabadwa, komanso chimasokoneza ubongo wa wachinyamata umene umapitiriza kukula mpaka zaka pafupifupi 25. Mu December 2023 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapempha mayiko kuti achitepo kanthu mwamsanga, ndipo linanena kuti mayiko 34 analetsa kugulitsa ndudu zamagetsi, 88 analibe zaka zoyambira kugula, pomwe 74 analibe lamulo lililonse. Kwa mwana wa sekondale amene sanagwirepo ndudu, funso lakuti kachipangizoka n'kabwinoko kuposa fodya lilibe ntchito, pakuti iye akuchoka pa mpweya wabwino osati pa utsi.

Msonkho umene ukukambidwa ndi uja wapadera umene boma limaika pa katundu monga mowa ndi fodya, pofuna kupeza ndalama komanso kuchepetsa kugwiritsa ntchito. Umadulidwa m'njira ziwiri zazikulu: pa mtengo, kutanthauza gawo linalake la ndalama zimene katunduyo wagulidwira, kapena pa muyeso, kutanthauza ndalama yokhazikika pa mililita iliyonse ya madziwo. Pa ndudu wamba nzeru ya msonkho ndi yodziwika kale, popeza mtengo ukakwera ndi 10 peresenti kusuta kumatsika ndi pafupifupi 4 peresenti m'mayiko olemera ndi pafupifupi 5 m'mayiko osauka, ndipo achinyamata, omwe matumba awo ndi osaya, ndiwo amayamba kubwerera m'mbuyo. Vuto pa ndudu zamagetsi ndi lakuti katundu awiriwa amalowana m'malo, moti wina akakwera mtengo, ogula ena amasamukira kwa mnzakeyo.

Ku United States, kumene chigawo chilichonse chimadziikira msonkho wake, Minnesota ndiyo inayamba mu 2010, ndipo mu 2013 inaukweza kufika pa 95 peresenti ya mtengo wopikulira. Akatswiri a zachuma otsogozedwa ndi Henry Saffer anafalitsa kafukufuku mu 2020 wosonyeza kuti msonkhowo unachepetsa chiwerengero cha akuluakulu osiya fodya m'chigawocho, ndipo anayerekeza kuti anthu oposa 32,000 amene akanasiya anapitiriza kusuta. Pennsylvania inaika 40 peresenti mu 2016, n'kulamula kuti msonkhowo ulipidwenso pa katundu amene anali kale m'mashelefu, ndipo eni timasitolo tambiri anatseka malonda awo. Kuchokera pa zochitika zoterezi, magulu a ogwiritsa ntchito ndudu zamagetsi, omwe ambiri mwa iwo ndi anthu amene analeka fodya kudzera m'njira imeneyi, amanena kuti boma likulanga munthu chifukwa chosiya chinthu chakupha. Mfundo yawo ili ndi mutu, ngakhale kuti pambali pawo pamaima makampani akuluakulu a fodya, amene amagulitsa ndudu zonse ziwiri ndipo sataya kanthu kulikonse kumene wogula wapita.

Chitsanzo cha pafupi, chimene Amalawi okhala ku Johannesburg ndi Cape Town akuchiona ndi maso, ndi cha South Africa, kumene kuyambira pa 1 June 2023 mililita iliyonse ya madziwa inayamba kulipira R2.90, kaya muli chikonga kaya mulibe. Bungwe la opanga ndi ogulitsa la Vapour Products Association of South Africa linatsutsa kuti mitengo ikwera mopyola muyeso ndipo malonda ozembetsa akula. Chofunika kuchionetsetsa, komabe, ndi masamu a msonkhowo: botolo la mamililita 100 la madzi a chikonga chochepa, limene amagula munthu wamkulu amene akuchepetsa chibaba pang'onopang'ono, linawonjezeka R290, pomwe kachipangizo kotaya kakangotha, ka mamililita 2 okha koma kodzaza chikonga champhamvu, komwenso ndi kamene ana a sukulu amakakonda, kanawonjezeka R5.80. Msonkho wolembedwa mwanjira imeneyi umaluma kwambiri amene unayenera kuwasiya, n'kungokanda amene unawalinga. Kenya inayamba kudula msonkho wake mu 2015, chaka chomwecho chimene Uganda inasankha kuletseratu katunduyu. Britain inalengeza mu 2024 msonkho wa £2.20 pa mamililita 10 woyamba mu October 2026, koma inakonzanso zokweza msonkho wa ndudu wamba nthawi yomweyo ndi cholinga chakuti kusuta kukhalebe kodula kuposa kuvepa, ndipo mwa njira zonse zatchulidwazi iyi yokha ndiyo inayankha dandaulo la otsutsa popanda kutaya msonkho.

Malawi akulowa m'nkhaniyi ali ndi katundu wina pamutu. Dzikoli ndi limodzi mwa olima fodya wa burley ochuluka padziko lonse, ndipo tsamba logulitsidwa ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu lakhala likubweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja zochokera ku katundu wotumizidwa kunja. N'chifukwa chake boma linazengereza zaka makumi awiri lisanavomereze pangano la WHO lochepetsa kusuta, limene linakhazikitsidwa mu 2003, mpaka linalivomereza mu August 2023. Ndime yachisanu ndi chimodzi ya panganoli imalimbikitsa mayiko kugwiritsa ntchito mitengo ndi misonkho pochepetsa kusuta, pomwe lamulo la Tobacco Industry Act la 2019 limayang'ana ulimi ndi malonda a tsamba, osati mapapo a wosuta. Mawu a mbali yoikira kumbuyo ndudu zamagetsi akumvekanso m'dziko muno kudzera m'magulu monga THR Malawi, amene amalimbikitsa zopatsa osuta njira zocheperako kuopsa. Owerenga ayenera kudziwanso kuti bungwe la Foundation for a Smoke-Free World, limene linathandiza ntchito zopezera alimi a fodya a m'Malawi mbewu zina, linakhazikitsidwa mu 2017 ndi ndalama za kampani ya Philip Morris International, moti pa nkhani imeneyi n'koyenera kufunsa amene walipira ng'oma musanavine.

Mfundo ya otsutsa msonkho ikayesedwa pagombe la Salima imapepuka ndithu. Imagwira ntchito kumene wosuta angathe kusankha pakati pa paketi ya ndudu ndi kachipangizo kamagetsi, monga ku Minnesota, koma mlovi amene malipiro ake amadalira ndowa za usipa za usiku umenewo sangachoke pa chingambwe, chimene sichidziwa sitampu ya bungwe lotolera misonkho la MRA, n'kupita ku katundu wogulidwa ndi madola ndiponso wofuna kutchaja. Kwa iye msonkho wa ndudu zamagetsi, ukwere kapena utsike, susintha kanthu. Chimene chingam'thandize ndi uphungu wosiyira fodya pa chipatala cha boma la Salima ndi zipatala zing'onozing'ono za m'mbali mwa nyanja, makamaka kwa odwala TB, amene utsi umachedwetsa kuchira kwawo. Amene msonkhowo ungawakhudze ndi ogwira ntchito a m'tauni, omwe angaukwanitse, ndi ana a mabanja opezako bwino, omwe mtengo wokwera ungawatchinge. Kwa dziko lotere, msonkho wolemera pa tizipangizo totaya, wowerengedwa molingana ndi mphamvu ya chikonga, komanso wosapyola wa ndudu wamba, ndi umene uli ndi maziko m'sayansi, malinga ngati uyenda limodzi ndi lamulo lomveka loletsa kugulitsa kwa ana.

Pali zinthu ziwiri zimene msonkho pawokha sungazithe. Choyamba ndi kuzembetsa, pakuti tizipangizoti ndi tating'ono moti mazana angapo amakwana m'chikwama chimodzi cha pa basi yochokera ku Johannesburg kudzera pa chipata cha Mwanza kapena Dedza, ndipo msonkho ukakwera kwambiri popanda kulondola katundu, zimene zimatsala pamsika ndi madzi osadziwika chimene chilimo. Ku United States mu 2019 ndi kumayambiriro kwa 2020, anthu 2,807 anagonekedwa m'chipatala ndipo 68 anamwalira ndi matenda a m'mapapo amene anapezeka kuti anachokera makamaka ku vitamin E acetate, mafuta amene ogulitsa mozemba ankasungunulira madzi a chamba. Chachiwiri ndi zinyalala, pakuti kachipangizo kalikonse kotaya kali ndi pulasitiki, batire ya lithium ndi chikonga chotsalira, chomwe ndi poizoni ku nsomba ndi tizilombo ta m'madzi. Britain inaletsa tizipangizo totaya kuyambira pa 1 June 2025, mwa zina chifukwa cha zinyalala zimenezi, pomwe ku Senga Bay kachipangizo kosiyidwa pamchenga Lamlungu madzulo kamadikira mafunde a mwera kuti akakokere m'madzi momwe amayi amatsukiramo usipa asanauyanike pa thandala.