Mankhwala Oletsa Moto m'Mapulasitiki ndi Zipangizo Zathu Zophunzitsira

Chaka ndi chaka ife a ku koleji timalangiza ophunzira athu kuti akapita kokayesera ntchito asamadikire zipangizo zogula, koma adzipangire okha kuchokera ku zinthu zopezeka pafupi, njira imene tonse timaidziŵa ndi dzina lakuti TALULAR. Langizo limeneli nlabwino ndipo sitikulibweza. Komabe zinthu zopezeka pafupi zinasintha. Mphunzitsi amene kale akadatuma ana kukatola zitsononkho, dothi la mtapo, bango ndi njere za maungu, lero akatuma ana a ku Namitete, ku Nsaru kapena ku Mpingu amlandiritsa zigoba za mawailesi akufa, zidutswa za matiresi, nthambo zamagetsi, ziphaso za mafoni ndi magalasi a sola osweka. Zambiri mwa izi zili ndi mankhwala amene opanga anathiramo dala kuti pulasitikiyo asamagwire moto msanga, ndipo mphunzitsi ayenera kuwadziŵa asanauze mwana kuti adule, apale kapena asungunule kanthu.

Tiyambe ndi chifukwa chimene mankhwalaŵa amathiridwira. Pulasitiki amapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, motero ndi mbale wake wa parafini ndi petulo. Akatenthedwa amatulutsa mpweya umene umayaka, ndipo kutentha kwa laŵilo kumatulutsanso mpweya wina, moto nkumangodzidyetsa wokha. Chifukwa chake mayi wofulumira amayatsira mbaula ndi jumbo. Tsono chigoba cha wailesi yakanema kapena soketi yamagetsi zimakhala pafupi ndi waya wotentha, ndipo zitapangidwa ndi pulasitiki wamba zikhoza kutentha nyumba yonse. Opanga amasakanizamo mankhwala, ndipo mankhwalawo sagwira ntchito mofanana. Aluminium hydroxide akatenthedwa kufika pa madigiri pafupifupi 200 amatulutsa madzi amene amaziziritsa pulasitikiyo. Mankhwala a phosphorus amapanga chikhungwa chakuda pamwamba, chimene chimatchinga kutentha ndi mpweya. A bromine ndi a chlorine amaloŵa m'laŵi lenilenilo nkusokoneza kuyaka kwake, ndipo kaŵirikaŵiri amathandizidwa ndi ufa woyera wotchedwa antimony trioxide. Sitiyenera kuuza ana kuti zonsezi nzoipa, pakuti phindu lake lilipo ndithu, ndipo aluminium hydroxide saopsa kwenikweni. Gulu lotidetsa nkhaŵa ndi la bromine ndi la chlorine.

Vuto lake lagona pa kasakanizidwe. Ambiri a mankhwala ameneŵa salumikizana ndi pulasitiki, amangokhala osakanikirana naye, monga momwe mankhwala ophera anankafumbwe amakhalira m'thumba la chimanga: ali m'kati momwemo koma sali mbali ya njere. Chinthu chikamakalamba, chikamaombedwa ndi dzuŵa, chikamafumbutuka, mankhwalawo amatuluka pang'onopang'ono nkusakanikirana ndi fumbi. Mwana amagwira fumbilo, kenaka nkugwira chigumu kapena mbatata yake. M'thupi saola msanga ndiponso satuluka ndi mkodzo monga mankhwala ena, koma amakakhala m'mafuta a thupi kwa zaka. Ofufuza a ku Sweden atapima mkaka wa m'maŵere umene unasungidwa kuyambira 1972 mpaka 1997 anapeza kuti mankhwala otchedwa PBDE ankaŵirikiza kaŵiri pafupifupi zaka zisanu zilizonse. Kafukufuku wasonyeza kuti mankhwala a mtundu umenewu amasokoneza ntchito ya chithokomiro, chiŵalo cha pakhosi chimene chimathandiza kukula kwa thupi ndi ubongo, ndipo amene ali pangozi yaikulu ndi mwana wosabadwa ndi wamng'ono. Antimony trioxide nayenso anaikidwa m'gulu la zinthu zoganiziridwa kuti zimayambitsa khansa, makamaka kwa opuma fumbi lake m'mafakitale.

Pali nkhani imodzi imene tifuna kuti mphunzitsi aliyense wa ku dera la alimi aidziŵe bwino, chifukwa imaphunzitsa zambiri kuposa mndandanda wa maina ovuta. M'chaka cha 1973, m'chigawo cha Michigan ku America, fakitale ina ya m'tauni ya St. Louis inkapanga zinthu ziŵiri. China chinali NutriMaster, mchere wa magnesium wothira m'chakudya cha ng'ombe zamkaka. China chinali FireMaster, mankhwala a bromine otchedwa PBB, othira m'mapulasitiki. Matumba osindikizidwa bwino a FireMaster atasoŵa, ufawo unaikidwa m'matumba wamba ofanana ndi a chakudya cha ng'ombe aja, dzina lokha ndilo linasiyana, ndipo maina aŵiriwo monga mukuonera ngofanana kumapeto. Matumba ena anapita ku chigayo chosakanizira chakudya cha ziŵeto, antchito nkuthira osakayika konse. Mlimi wina, Rick Halbert, anaona ng'ombe zake zikukana kudya, mkaka ukuchepa, ziboda zikukula mopotoka. Mwamwayi iyeyo anali ataphunzirapo za mankhwala, choncho sanagonje pamene ena ankati vuto ndi kaŵetedwe kake, ndipo anatumiza chakudyacho kwa akatswiri osiyanasiyana mpaka chinsinsi chinaululika mu April 1974. Pamenepo nkuti anthu atamwa mkaka ndi kudya nyama ndi mazira kwa miyezi yambiri. Mafamu oposa 500 anatsekedwa, ng'ombe pafupifupi 30,000 ndi nkhuku pafupifupi 1,500,000 zinaphedwa nkukwiriridwa. Anthu a m'chigawocho atapimidwa mu 1978, pafupifupi onse anapezeka ndi PBB m'thupi, ndipo ambiri anapezekabe naye patapita zaka 40.

Mwana wa Sitandade 6 wa ku Kabudula angaimvetse nkhaniyi mosavuta, popeza kwawo thumba la feteleza ndi lomwe amapitira kuchigayo, ndipo botolo la zakumwa ndi lomwe bambo ake amasungiramo mankhwala opopera fodya kapena matimati. Tikamaphunzitsa zaulimi, nkhani ya Michigan itithandize kufotokoza chifukwa chake mankhwala sachotsedwa m'chotengera chake, chifukwa chake dzina liyenera kuŵerengedwa, ndiponso chifukwa chake ufa woyera wosadziŵika sulaŵidwa kapena kununkhizidwa.

Maiko anagwirizana kuthana ndi mankhwala osaola otere kudzera m'pangano la Stockholm la 2001, limene dziko la Malaŵi lili nawo. Mitundu ina ya PBDE inaletsedwa m'panganolo mu 2009, HBCD mu 2013, ndi decaBDE, amene ankathiridwa kwambiri m'zigoba za mawailesi akanema, mu 2017. Koma kuletsa kupanga sikuchotsa zimene zinapangidwa kale. Katundu wambiri wamagetsi wofika kumidzi yathu ngwogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ndipo akafa amathera padzala. Ndiponso zigoba zakale zikagayidwa nkupangidwanso kukhala zidole kapena ziŵiya zakuda zotchipa, mankhwala aja amasamukira momwemo. Lamulo lathu la 2015 loletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikoloni 60, limene Khoti Lalikulu la Apilo linalitsimikiza mu 2019, ndi la majumbo, ndipo silikhudza nkhani ino. Majumbo ali ndi mlandu wawo, koma kaŵirikaŵiri sathiridwa mankhwala oletsa moto.

Nanga mphunzitsi angadziŵe bwanji pulasitiki amene ali nawo? Ndi maso okha sangadziŵe, pakuti alibe mtundu kapena fungo lakelake. Nthaŵi zina m'kati mwa chigoba mumalembedwa zilembo monga ABS kapena PS, zotsatana ndi FR ndi nambala. FR ndiye chizindikiro chakuti muli mankhwala oletsa moto. Nambala 17 imatanthauza bromine wophatikiza ndi antimony, pamene 40 imatanthauza phosphorus. Kusapezeka kwa zilembozi sikutsimikiza kanthu. Njira yapafupi ndiyo kufunsa kuti chinthucho chinkagwira ntchito yanji. Ngati chinkakuta magetsi, ngati chinachokera m'galimoto, ngati ndi siponji ya mpando kapena matiresi akale ochokera kunja, tichiyese kuti chili nawo. Tamvapo ena akuti amayesa potentha kachidutswa kuti aone ngati moto uzima wokha. Ife sitilola zimenezo m'kalasi, ngakhale panja.

Kutentha ndiye ngozi yaikulu pa zonse, ndipo apa mpamene sukulu zathu zimalakwa kwambiri mosadziŵa. Mankhwalaŵa amachedwetsa moto koma saletseratu, ndipo pulasitiki wotere akaponyedwa m'dzenje la zinyalala amanyeka mofuka, utsi wake uli wakuda ndi wotsamwitsa. Moto wozizira woterewu ndi umene umasandutsa bromine ndi chlorine kukhala poizoni woopsa kwambiri wotchedwa dioxin, amene amatsala m'phulusa ndi m'dothi, nkhuku zoyendayenda nkumatola, mazira ake nkufika pa mbale zathu. Nthambo zokutidwa ndi PVC, zimene anyamata amaotcha kuti apeze kopa wogulitsa, zimatulutsanso mpweya wa asidi wopweteka maso ndi mapapo. Tsono taganizirani za m'mwezi wa Okutobala, pamene ana asesa bwalo la sukulu, aunjika masamba pamodzi ndi zonse zimene atola, mphunzitsi wapantchito sabata imeneyo nkusiya ana aŵiri kuti asonkhezere motowo. Ana amenewo ndiwo amapuma utsi wonse. Masamba ndi mapesi apite ku dzenje la manyowa, mapulasitiki olimba ndi zamagetsi zisiyanitsidwe, ndipo phulusa la padzala lisathiridwe m'dimba la sukulu.

Pa ntchito ya m'kalasi, chigoba chathunthu cha wailesi chikhoza kuonetsedwa pophunzitsa za magetsi popanda vuto, malinga chipukutidwe ndi nsanza yonyowa ndipo ana asambe m'manja ndi sopo asanadye phala. Chimene tikukana ndicho kucheka ndi sowo, kupala ndi sandipepala, kuboola ndi msomali wamoto, kapena kusungunula pofuna kumata chidebe. Siponji yofumbutuka isakhale chofufutira bolodi, pakuti tsiku lonse imamwaza fumbi pamaso pa ana okhala pansi kutsogolo. Kansanza kosokedwa kamagwira ntchito yomweyo. Ana a Sitandade 1 ndi 2, amene amaika chilichonse m'kamwa, aŵerengere ndi timiyala, njere ndi zitsekerero za mabotolo, osati mabatani a foni. Posesa m'kalasi tiyambe tawaza madzi.

Ngozi ikachitika, mwana amene wapuma utsi atulutsidwe kumphepo yabwino, ndipo ngati akutsokomola kosalekeza kapena akubanika apite naye kuchipatala msanga, kaya ku St Gabriel's ku Namitete, ku Kabudula, ku Nambuma kapena kwina kulikonse kwapafupi. Pulasitiki wosungunuka akadonthera pakhungu, thirani madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, musamatule chimene chamatirira, ndipo musapakepo mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira.

Funso lovuta nlakuti zotsalazo tizitaya kuti, popeza malo okonzedwera kuwonongerako zinyalala zamagetsi sapezeka m'midzi yathu. Pakadali pano chanzeru ndicho kuziika m'thumba lolimba, kulembapo dzina looneka bwino, ndi kuzisunga pouma, kutali ndi khitchini ya phala ndiponso ndi chitsime. Mphunzitsi wamkulu akambirane ndi komiti ya sukulu ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, ndipo ngati zachuluka afunse malangizo ku ofesi yoona za chilengedwe ya khonsolo ya boma la Lilongwe.